Kodi ndimusiye mnzanga chifukwa ndi Msilamu? Yankho kwa mtsikana wa Fomu 3

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mtsikana wa zaka 16 amene ali Fomu 3 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Zomba. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lake kapena la sukulu yake, koma anavomera kuti ndimuyankhe poyera, poti akudziwa kuti si iye yekha amene wasenza mtolo woterewu. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Anti, ndili ndi mnzanga amene tinayamba kuyendera limodzi tili Sitandade 3. Iye ndi Msilamu, ine ndine Mkhristu. Tonse tinasankhidwira sukulu imodzi, ndipo m'mawa uliwonse timadikirana pa mlatho wa Likangala. Nthawi ya namondwe wa Freddy chipupa cha nyumba yathu chitagwa, ine, amayi ndi mlongo wanga tinagona kwawo milungu iwiri. Teremu yatha ndinalowa gulu la mapemphero la pasukulu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti Mulungu ndi wanganso, osati wa amayi okha. Koma atsogoleri a gululo, amene ali Fomu 4, anandiuza kuti kuwala sikuyanjana ndi mdima, ndiponso kuti ndisamangidwe m'goli limodzi ndi wosakhulupirira. Tsopano patha milungu itatu ndikumuzemba. Ndimalawira kuti ndidutse pa mlathopo iye asanafike. Masamu amene tinkachitira limodzi malikisi ake atsika, poti nthawi yowerenga ndimakhala ku mapemphero. Usiku tulo sindikuliona. Kodi kukula m'chikhulupiriro n'kumeneku? Kodi ndimusiyedi?"

Mwana wanga, yankho ndikupatsiratu pano pachiyambi kuti usavutike kulifunafuna: usamusiye. Ndikunena izi ngati Mkhristu mnzako amene wakulira mumpingo, komanso ngati munthu amene wagwira choko zaka zambiri m'sukulu za sekondale ndipo waona atsikana ambiri ataima pamphambano pamene waima iwepa. Koma sindikufuna kuti ungomvera mawu anga chifukwa ndine wamkulu, monga mmene wamverera atsogoleri ako chifukwa ali Fomu 4. Ndikufotokozera zifukwa zake kuti uzisinkhesinkhe wekha, Baibulo lako lili m'manja.

Choyamba udziwe kuti chimene chachitika mumtima mwakomo ndi chenicheni, ndipo usalole munthu aliyense, ngakhale ine, kuchipeputsa. Ana ambiri amapita ku tchalitchi chifukwa amayi awadzutsa, awasitira zovala ndi kuwapatsa ya chopereka, ndipo ena amafika pokwatiwa asanadzifunsepo ngati iwo eni ake amakhulupirira. Iwe wadzifunsa uli ndi zaka 16. Magulu a mapemphero a m'sukulu zathu, monga SCOM, YCS ya Akatolika, ena a mipingo yosiyanasiyana, ndiponso la ophunzira a Chisilamu, alera ana ambiri m'dziko muno. Ine ndaonapo mtsikana wamanyazi amene sankatha kukweza mkono m'kalasi akusanduka wolankhula momveka pagulu chifukwa choyambitsa nyimbo pa mapemphero a masana. Choncho sindikuuza kuti utuluke m'gulu lako. Nkhani yanga ili pa langizo limodzi lokha limene wapatsidwa, poti langizo limenelo ndi lolakwika.

Mawu a goli amene anakuwerengerawo ali pa 2 Akorinto 6:14. Goli ukulidziwa ngati unaonapo ng'ombe zikukoka ngolo: ndi mtengo umene amaumangirira pamakosi a ng'ombe ziwiri, kotero kuti imodzi ikakhotera kumanzere inzake singapite kumanja, imodzi ikaima inzake singayende. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:10, chinkaletsa kulima ndi ng'ombe ndi bulu pamodzi, ndipo Paulo ankalembera Akhristu a mumzinda wa Korinto, umene unali wodzaza ndi akachisi a mafano. Ukapitiriza kuwerenga mavesi otsatira upeza kuti nkhani yake yafika pa kachisi wa Mulungu ndi mafano. Chimene ankaopa ndi kumangidwa kumene kumamulanda munthu ufulu wotsata Mulungu wake, kuti kumene mnzake wapita kukagwada nayenso akagwade komweko. Tsopano udzifunse moona mtima. Pa zaka 8 zimene mwayendera limodzi, mnzakoyo anakuletsapo kupita ku tchalitchi? Anakuuzapo kuti usiye kupemphera m'dzina la Yesu kuti chinzake chipitirire? Pa milungu iwiri imene munagona kwawo, makolo ake anakukakamizani kulowa mumzikiti? Ngati yankho lako ndi lakuti ayi, pakhosi pako palibe goli. Pali msewu umene mumayendamo awiri, aliyense ndi miyendo yake.

Paulo yemweyo anaona kuti anthu akhoza kumumva molakwa, ndipo pa 1 Akorinto 5:9-10 anawafotokozera kuti m'kalata ina imene anawalembera kale sankatanthauza kuti adzipatule kwa anthu onse a kunja kwa mpingo, poti kutero kukanafuna kuti atuluke m'dziko lapansi. Pa 1 Akorinto 10:27 anafika powauza kuti munthu wosakhulupirira akawaitana kuchakudya ndipo iwo akufuna kupita, apite akadye. Munthu amene analemba za goli ndi yemweyo analemba za kudyera mbale imodzi, ndiye sitingatenge vesi limodzi n'kubisa enawo. Ukapeza mpata uwerengenso 2 Mafumu 5, nkhani ya kamtsikana ka ku Israeli kamene kankatumikira m'nyumba ya Naamani, mkulu wa asilikali a ku Siriya. Kanali m'nyumba ya anthu a chipembedzo china, ndiponso kanatengedwa ukapolo, koma kataona mbuye wake akuvutika ndi khate kanamufunira zabwino ndi kulozera kumene angapeze thandizo. Chikhulupiriro chake sichinasuluke chifukwa chokhala pafupi ndi anthu amenewo.

Ndiyeneranso kunena kuti Msilamu si wopembedza mafano, poti tsinde la chipembedzo chake ndi lakuti Mulungu ndi mmodzi. Timasiyana nawo pa zinthu zikuluzikulu, makamaka pa za Yesu, amene iwo amamulemekeza ngati mneneri Isa mwana wa Mariamu koma osati ngati Mwana wa Mulungu. Kusiyana kumeneku sitiyenera kukubisa kapena kukuchepetsa, ndipo mnzakoyo akukudziwa bwino monga mmene iwe ukukudziwira. Koma kunena kuti mtsikana ameneyu ndi mdima ndi mawu olemera kwambiri. Bwerera m'maganizo ku mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene mvula ya Freddy inagwa usana ndi usiku, sukulu za m'maboma ambiri a chigawo cha kumwera zinatsekedwa, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Chipupa cha nyumba yanu chitagwa, panali khomo limene linatseguka. Panali mayi amene anatulutsa mphasa ndi zofunda, anawonjezera ufa mumphika pa nthawi imene ufa unali wovuta, ndipo anachita zimenezi masiku 14 osafunsa kuti mumapemphera kuti. Yesu atafunsidwa kuti mnansi wa munthu ndani, pa Luka 10, anasankha dala Msamariya, munthu amene omvera ake ankamuona ngati wosochera pa chipembedzo, kuti akhale iye womanga mabala. Iwe nkhani imeneyi sunangoimva pa guwa. Unagona m'kati mwake.

Pali chifukwa china chimene kalata yako yandikhudzira chonchi, ndipo ndikuuza ngakhale sichindikomera kuchikumbuka. Ndili Fomu 2 pa sukulu ina yogonera ya atsikana, ndinali ndi mnzanga wa Chisilamu amene bedi lake linali pamwamba pa langa. Chiponde chimene amayi ankanditumizira tinkadyera limodzi, shuga wake tinkathira m'phala la tonse, ndipo nditadwala malungo ndi iye amene ankandibweretsera chakudya kuchokera kuholo yodyera ndi kundichapira yunifolomu. Kumapeto kwa sabata ina kunabwera alaliki, ndipo ndinadzipereka kwa Ambuye ndi misozi yeniyeni, chinthu chimene sindinachitepo nacho chisoni mpaka lero. Koma mawu amene wamva iwewa ndinawamvanso ine, ndipo Lolemba lake ndinanyamula matiresi anga ndi kusamukira kumapeto ena a hositelo. Anandilondola madzulo ake, ataima pafupi ndi bedi langa latsopanolo manja ali kumbuyo, n'kundifunsa kuti, "Kodi ndakulakwira chiyani?" Ndinayankha kuti palibe, ndi kutembenukira kukhoma. Sanandifunsenso.

Patapita zaka zambiri tinakumana mumsika wa Zomba, pamene amagulitsa matemba ndi mpunga wa ku Chilwa. Anali ndi mwana wake wamkazi wa msinkhu wonga wako. Mtima wanga unadumpha, ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire, koma iye anandipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu wonse, nati, "Muli bwanji, aphunzitsi?" Ife amene tinkaitanana kuti iwe, amene tinkadya chiponde ndi supuni imodzi, tsopano ndinali inu. Kwa mwana wakeyo anangoti, "Awa tinaphunzira nawo limodzi." Sananene kuti ndi mnzanga, ndipo sananame. Ndinamupepesa pomwepo, pakati pa malichero a nsomba, ndipo anandiyankha mofatsa kuti zinapita zimenezo, tinali ana. Ndikukhulupirira kuti anandikhululukira ndi mtima wonse. Koma chinzake chija sichinabwerere, ndipo chimene anaphunzira kwa ine za Akhristu pa zaka zimene mtima wa munthu umaumbika n'chakuti akapeza Yesu amanyamula matiresi. Ine ndinadikira zaka zambirimbiri. Iwe wangotha milungu itatu.

Uganizirenso dera limene ukukuliramo. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo m'maboma a Mangochi, Machinga, Balaka ndi kuno ku Zomba ndi ambiri kuposa pamenepo. Kuno si zachilendo kupeza banja limene agogo amapita ku mzikiti Lachisanu pamene adzukulu awo amapita ku tchalitchi Lamulungu. Pa maliro timakhala pa siwa limodzi, amayi amasonkhera moto mafuwa amodzi, ndipo pa ukwati kapena chinkhoswe mabanja ambiri a Chikhristu amaitana Msilamu kuti achinje mbuzi n'cholinga chakuti pasakhale mlendo wobwerera ndi njala. Makolo athu anapeza njira imeneyi popanda wina kusiya chipembedzo chake. Ngakhale pa nkhani za dziko, bungwe la Public Affairs Committee, limene linakhazikitsidwa mu 1992 pa nthawi yomenyera ufulu wa zipani zambiri, linasonkhanitsa atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu pa tebulo limodzi. Bungwe lomwelo ndi limene linatsogolera zokambirana pamene kunabuka mkangano wa hijabu, mpango umene atsikana a Chisilamu amafunda kumutu, m'sukulu za mipingo, mpaka mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano mu 2021. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, iwe ndi mnzakoyo mofanana. Ukadzamaliza sukulu, kaya udzakhala namwino, mphunzitsi kapena wamalonda, udzagwira ntchito ndi Asilamu tsiku lililonse, ndipo luso lokhala bwino ndi munthu amene mumasiyana naye pa za Mulungu, popanda kutaya zako kapena kunyoza zake, ukuliphunzira pa mlatho wa Likangala pomwepo.

Komabe atsogoleri ako sanalakwe pa chilichonse. N'zoona kuti anzathu amatiumba, ndipo akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Alipo anzako amene ungachite bwino kuwatalikira, koma sikelo yowayezera si dzina la chipembedzo chawo. Uyang'ane kumene miyendo yako imathera ukayenda nawo. Mnzako amene amakukokera ku galimoto za azibambo zimene zimaima chapatali ndi geti la sukulu Lachisanu masana, n'kumakuuza kuti foni yatsopano ndi ndalama ya chiwaya zilibe vuto, ameneyo ndi goli ndithu. Mnzako amene amakunyengerera kujomba, kapena kukuuza kuti usavutike kuwerenga poti likasa lidzapezeka, ameneyonso ndi goli. Ukumbuke kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Pa zaka zanga za uphunzitsi ndaona anzawo oipa otere ochokera ku zipembedzo zonse, ndipo ena mwa iwo ankaimba kwaya mokoma kwambiri. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ndimauza mtsikana aliyense: munthu wamkulu aliyense, kaya mphunzitsi, kaya wachibale, kaya wodzitcha munthu wa Mulungu, akakuitana kuti akakupempherere kapena kukuthandiza maphunziro kwa awiri m'chipinda chotseka, ukane ndipo uuze amayi tsiku lomwelo. Nambala ya 116, imene a YONECO a konkuno ku Zomba amathandizirapo ana, ndi yaulere. Tsopano muike mnzako uja pa sikelo imeneyi. Ukayenda naye umathera kusukulu nthawi yabwino, ndi pa kope la masamu.

Za masamuzo ndikufuna tikambirane mosabisa, poti ndi pamene ndachita napo mantha. Fomu 3 ndi chaka chonyenga. JCE yadutsa, MSCE ikuoneka ngati ili kutali, ndipo ana ambiri amapumulirapo, osadziwa kuti mayeso amene a MANEB, amene likulu lawo lili mumzinda wathu uno, adzakupatse kumapeto kwa Fomu 4 amachokera pa ntchito ya zaka ziwiri zonsezi. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi ako amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene wakhoza bwino, n'chifukwa chake wokhoza koposa amapeza mapointi 6. Kuti uganiziridwe malo ku yunivesite ya boma, monga University of Malawi imene tinkaitcha Chancellor College, imene umaona ophunzira ake akuyenda ndi zikwama ku Chikanda, umafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro ambiri a sayansi, a zaumoyo ndi a zachuma amafunanso kirediti ya masamu. Masamu ali ngati kumanga nyumba ya njerwa: mzere wa lero umakhala pa mzere wa dzulo. Mutu umene wauphonya teremu ino udzakutsata m'mitu itatu kapena inayi ya kutsogolo, ndipo sungaulowetse m'mutu usiku umodzi monga mmene ena amachitira ndi notsi za mbiri yakale. Mnzako wochita naye masamu, amene saopa kukuuza kuti apa walakwitsa ndipo iwe suchita manyazi kumufunsa kachitatu, ndi chuma chimene ana ambiri a sukulu zoyendera alibe, makamaka m'kalasi la ana ochuluka limene mphunzitsi sangafike pa desiki lililonse.

Iwe ndi woyendera, ndipo tsiku lako ndikulidziwa. Ukaweruka pali ulendo wobwerera kunyumba, pali madzi otunga, mbale zotsuka ndi ndiwo zothandiza amayi kuphika, ndipo magetsi akathima umawerengera tochi ya pafoni. Nthawi yeniyeni yowerenga imene imakutsalira mwina ndi maola awiri okha. Ukawapereka onsewo ku mapemphero a tsiku ndi tsiku, Mulungu sadzakulembera mayeso, poti Iye amene anakupatsa mtima wopemphera ndi yemweyo anakupatsa mutu wowerengera. Danieli ankapemphera katatu pa tsiku, koma mutu woyamba wa buku lake ukutiuzanso kuti anakhala zaka zitatu akuphunzira chinenero ndi mabuku a Ababulo, ndipo pofunsidwa ndi mfumu iye ndi anzake atatu anaposa onse. Ine ndingakulangize kuti usankhe masiku awiri pa sabata opita ku gulu lako, kuwonjezera pa Lamulungu, ndipo pemphero lako la wekha likhale la m'mawa uliwonse, lalifupi koma losadumphadumpha. Mapemphero ochezera usiku uwasungire nthawi ya tchuthi, ndipo upite amayi akudziwa. Madokotala amalangiza kuti munthu wa msinkhu wako azigona maola 8 mpaka 10, ndipo mutu wosagona sugwira kanthu m'kalasi. Koma kusowa tulo kwako ndikuganiza kuti gwero lake ndi lina. Chikumbumtima chako chikukuuza kuti ukumulakwira munthu wosalakwa, ndipo liwu limenelo usaliyese la mdyerekezi.

Atsogoleri a gulu lako usawade ndipo usakawanyoze kwa anzako. Ndi ana a zaka 17 kapena 18 amene akukonda Mulungu ndi changu chonse, ndipo akubwereza zimene nawonso anamva kwa ena. Upite kwa mmodzi wa iwo amene umamasuka naye, pa awiri, umuonetse mavesi a mu 1 Akorinto aja ndi kumufunsa mwaulemu kuti amawamva bwanji. Gulu lililonse la pasukulu limakhala ndi mphunzitsi woliyang'anira, ndipo nkhani yotere ndi yoyenera kufika kwa iye, poti ikukhudza ana ambiri osati iwe wekha. Ukambenso ndi abusa kapena mayi wina wachikulire wa kumpingo kwanu. Koposa onse, uwauze amayi ako. M'kalata yako sunatchule kuti akudziwa, ndipo ndikukayika ngati mayi amene anagona pa mphasa ya eni ake milungu iwiri angakondwe kumva kuti mwana wawo akuzemba mwana wa m'nyumba imeneyo. Zikadzachitika kuti wafotokoza zonsezi mofatsa koma gululo likukuumiriza kusankha pakati pa iwo ndi mnzako, pamenepo udzakhale pansi ndi amayi ndi abusa kuti muone kumene ungamapemphere, poti Mulungu amene wamupezayo sakhala m'kalasi limodzi lokha la pasukulu panu.

Ukabwerera kwa mnzakoyo pali msampha wina umene uyenera kuupewa, ndiwo wobwerera n'cholinga chomutembenuza. Ena adzakuuza kuti chinzakecho n'chololedwa pokhapokha ngati ukumulalikira, ndipo ukatero iye adzazindikira msanga kuti sukumuonanso ngati mnzako koma ngati munda woti ulimidwe. Chikhulupiriro chako usachibise. Akakufunsa chimene chasintha mwa iwe umuuze momasuka ndi mokondwa, ndipo nawenso umufunse za kwawo ndi kumvetsera osakonzekera zomutsutsa. Mwezi wa Ramadhani ukafika, iye akusala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, zitumbuwa zako za pa buleki ukadyere pambali. Akamapita kukaswali, umusungire malo ndi kumukopera notsi. Kumupempherera mumtima palibe angakuletse. Wafunsa ngati kukula m'chikhulupiriro n'kumeneku, ndipo ine ndikuti uyang'ane pa Agalatiya 5:22-23, pamene Paulo anatchula zipatso za Mzimu, uone ngati pa milungu itatuyi chikondi, mtendere, kukoma mtima ndi kukhulupirika zachuluka mwa iwe kapena zachepa. Amene angathe kuona zipatso zimenezi bwino kuposa wina aliyense pasukulu panu ndi munthu amene wakudziwa kuyambira Sitandade 3.

Kupepesa kwake usakuchedwetse ndipo usakutumize pa WhatsApp kapena kudzera mwa mnzanu wina. Usanamenso kuti unatanganidwa, poti iye akudziwa kale kuti ukumuzemba. Munthu amene waima pa mlatho m'mawa wozizira wa kuno ku Zomba, nkhungu itaphimba phiri, akuyang'ana njira imene umadzera mpaka nthawi yomuchedwetsa kusukulu, ndipo wachita zimenezi masiku angapo asanaleke, safunika kuuzidwa. Chimene sakudziwa ndi chifukwa chake, ndipo mwina akudzifunsa funso lomwe lija anandifunsa mnzanga pafupi ndi bedi langa. Umuuze zoona, kuti unauzidwa mawu ena ku mapemphero, unawamvera osawasinkhasinkha, ndipo walakwa. Usawanene anzako a gulu lija ngati kuti mlandu ndi wawo, poti amene ankalawira ndiwe. Akhoza kulira, akhoza kukwiya, akhozanso kungoti palibe kanthu n'kukhala chete masiku angapo. Zonsezi uzilandire, ndipo usamuumirize kuti akusekerere tsiku lomwelo.

Lolemba likubwerali ulawire monga mmene wakhala ukuchitira, koma ukafika pa mlathopo usawoloke. Uime pamalo pamene mumadikirana paja, kope la masamu lili m'chikwama, mpaka atulukire. Ukatero undilembere kalata ina, undiuze mmene mwayendera.